ULENDO WA KU NAKONDE, MZINDA WA PA MALIRE

Kwa aphunzitsi

Nkhani iyi iyenera ana a magiredi apamwamba a ku pulaimale. Musanaiyambe, pacikani pakhoma mapu a Zambia oonetsa maiko otizinga ndi gombe la kum'mawa kwa Africa. Ngati mapu mulibe, jambulani pabolodi ndi kulembapo maina asanu awa: Lusaka, Kapiri Mposhi, Mpika, Nakonde ndi Dar es Salaam. Uzani ana kuti abwere ndi mapaketi otha nchito ocokera kunyumba, kuti awerenge dzina la dziko kumene cinthu ciliconse cinapangidwa. Mafunso ndi nchito zili kumapeto.

Funso loyamba

Lero tili pa ulendo wautali, koma tisanakwere basi ndifuna kukufunsani funso limodzi. Yang'anani nsapato zimene mwavala, citenje cimene amai anu abereka naco mwana, foni imene atate anu aimbira, ndiponso galimoto imene inapitirira sukulu yanu m'mawa uno. Zambiri mwa zinthu izi sizinapangidwe muno m'Zambia. Kodi zinalowera pati m'dziko lathu?

Taonani pamapu. Zambia wazingidwa ndi maiko asanu ndi atatu: Congo, Tanzania, Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Angola. Londolani malire ndi cala canu kuzungulira dziko lonse, ndipo mudzaona kuti palibe pamene dziko lathu likhudza nyanja yamcere. Sitima zazikulu zapamadzi zonyamula katundu wa ku China, Japan ndi India sizingafike kwathu kuno. Zimatsitsa katunduyo padoko la dziko loyandikana nafe, ndipo kucokera pamenepo amabwera pamsewu kapena panjanji, nalowera pa khomo lina la pamalire. Makomo otero tili nao angapo. Ena mwa iwo ndi Chirundu, Kazungula, Kasumbalesa, Mwami ndi Chanida. Lero tipita ku khomo la kumpoto cakum'mawa, loyang'ana ku Tanzania. Dzina lace ndi Nakonde.

Njira yopitira kumeneko

Kucokera ku Lusaka kufika ku Nakonde pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Msewu wace uchedwa Great North Road. Titacoka mu Lusaka tipitirira Kabwe, tifika pa Kapiri Mposhi. Pamenepa msewu ugawika pawiri: wina upita ku migodi ya ku Copperbelt, ndipo wathu ukhotera kudzanja lamanja. Tidutsa madera a Mkushi ndi Serenje, kenaka tifika pa Mpika, pamene pali malo aakulu okonzerako sitima za njanji ya TAZARA.

Pa Mpika njanji ndi msewu zisiyana. Njanji idzera ku Kasama, koma msewu upitirira ca ku Chinsali, likulu la cigawo ca Muchinga, cimene cinakhazikitsidwa m'caka ca 2011. Tikapyola Isoka tatsala pang'ono kufika. Mudzadziwa kuti malire ayandikira musanaone nyumba ndi imodzi yomwe ya mumzinda, pakuti mudzayamba kuona malole aakulu ataima pamzere m'mbali mwa msewu, kudikira nthawi yao yoti aoloke. Masiku ena mzere umenewu umatalika makilomita angapo. Pa Nakonde njanji ndi msewu zikumananso, ndipo ziolokera pamodzi kulowa m'Tanzania.

Nakonde ali pamalo okwera, cotero wopitako m'miyezi ya June ndi July asaiwale juzi. Kutsidya kwa malire kuli mzinda wina wochedwa Tunduma. Mizinda iwiriyi yamangidwa mogundana, kotero kuti mlendo woiona kucokera patali angayese ndi mzinda umodzi. Kucokera ku Tunduma kupita ku Mbeya ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kukafika kudoko la Dar es Salaam, pa nyanja ya Indian Ocean, ndi makilomita opitirira 900. Mwaona tsono kuti Nakonde ali pafupifupi pakati pa ulendo wocokera ku Lusaka kupita kunyanja.

Cimene cinakuza Nakonde

Nakonde sanali wochuka cotere kuyambira kale. Pamene Zambia analandira ufulu pa 24 October 1964, katundu wathu wambiri anali kudzera kum'mwera. Mkuwa wa ku Copperbelt unali kupita panjanji kudzera m'dziko la Rhodesia, limene lero ndi Zimbabwe, kukafika kumadoko a ku Mozambique. Mafuta a galimoto nao anali kubwera njira yomweyo. Msewu wa ku Nakonde unali wafumbi, ndipo oyendamo anali owerengeka.

Zinthu zinasintha pa 11 November 1965, pamene boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia linalengeza ufulu wace mosavomerezedwa, pofuna kuti anthu akuda asalamulire dziko lao. Zambia anakana kugwirizana nalo. Pasanapite nthawi, mafuta odzera ku Rhodesia analeka kubwera. Taganizani, ana inu, dziko lopanda mafuta: ambulansi siyenda, basi siyenda, cimanga sicifika kucigayo ca m'tauni. Boma linayamba kugawa petulo moyeza, ndipo maiko ena anathandiza kubweretsa mafuta pandege. Koma ndege siingadyetse dziko lonse. Njira imene inatsala ndi msewu wafumbi uja wa ku Nakonde.

Madalaivala anayamba kunyamula mafuta m'migolo kucokera ku Dar es Salaam, ndipo pobwerera kudoko anali kutenga mkuwa. Nthawi ya dzinja malole anali kutitimira m'matope kwa masiku, nthawi ya cilimwe fumbi linali kutseka maso, ndipo ambiri anafera m'ngozi. Cifukwa ca mabvuto amenewa msewuwo unapatsidwa dzina la Cizungu lakuti Hell Run, kutanthauza ulendo wa ku gehena. Anthu amenewo ndiwo anasunga dziko lathu lamoyo m'zaka zoyamba za ufulu, ndipo tiyenera kuwakumbukira.

Atsogoleri awiri, a Kenneth Kaunda a Zambia ndi a Julius Nyerere a Tanzania, anaona kuti khomo limeneli liyenera kukuzidwa. Anacita zinthu zitatu. Coyamba, anaika paipi ya mafuta yochedwa TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Inayamba nchito m'caka ca 1968. Caciwiri, msewu unaikidwa phula. Cacitatu ndi cacikulu koposa cinali njanji. Maiko a azungu atakana kupereka ndalama, dziko la China linavomera m'caka ca 1967 kubwereketsa ndalama popanda ciongoladzanja ndi kutumiza akatswiri ace. Nchito inayamba m'caka ca 1970, nitha m'caka ca 1975. Anthu zikwizikwi a ku Zambia, Tanzania ndi China anaboola mapiri ndi kumanga milatho, ndipo ena anataya miyoyo yao pa nchitoyo. Njanji ya TAZARA ndi yotalika makilomita 1,860, kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Anthu anaicha Uhuru, ndiko kuti ufulu m'Ciswahili. Pamene boma la Smith linatseka malire ace ndi Zambia m'mwezi wa January 1973, aliyense anaona kuti atsogoleri aja sanalakwitse.

Kumene kudutsa malole ndi sitima, anthu amatsatira. Woyendetsa lole afuna cakudya, malo ogona ndi wom'konzera tayala. Wapaulendo afuna kusintha ndalama. Mlimi apeza womugula mpunga. Umu ndi m'mene mudzi waung'ono unasandukira mzinda wa malonda.

Zimene mudzaona

Imani pambali pa msewu kufupi ndi cipata, ndipo yang'anani mbali zonse ziwiri. Malole opita ku Tanzania ambiri anyamula mkuwa, wina wa ku migodi yathu, wina wa ku Congo umene ungodutsa m'dziko lathu. Malole olowa m'Zambia anyamula mafuta, feteleza, zitsulo, makina ndi makontena otsekedwa odzala katundu wa m'masitolo. Mudzaonanso magalimoto aang'ono ambirimbiri ataima pabwalo, opanda manambala a kuno. Amenewa ndi magalimoto ogwirapo kale nchito ogulidwa ku Japan ndi maiko ena. Amatsitsidwa padoko la Dar es Salaam, nayendetsedwa kufika pamalire, ndipo mwini wace amadzaitenga galimoto yace atalipira msonkho.

Koma malonda a pa Nakonde sali a malole okha. Pakati pa malolewo padutsa anthu oyenda pansi, ena atasenza mitolo pamutu, ena akukankha mawilibala ndi njinga zolemedwa ndi matumba, enanso atakwera njinga zamoto zimene kumeneko azicha bodaboda. Ambiri mwa amalonda aang'ono amenewa ndi amai. Acokera ku Lusaka, Kitwe, Kasama, Chipata ndi kwina, atasonkhanitsa ndalama kwa miyezi, kudzagula katundu woti akagulitse pamsika wa kwao. Phindu la ulendo wotero ndilo ligula yunifomu ndi makope a ana ambiri a m'kalasi mwanumo.

Amagula ciani? M'masitolo a mbali zonse ziwiri muli zitenje, nsapato, zikwama, mapoto, mbale, mabulangete, mafoni, mawailesi, magetsi a dzuwa ndi zipangizo za njinga. Zambiri mwa izi zabwera kucokera ku msika waukulu wa Kariakoo mu Dar es Salaam, ndipo pokhala kuti zili pafupi ndi doko, kawirikawiri zimachipa kuposa ku Lusaka. Mulinso zovala zovalidwapo kale, zimene ife tizicha salaula, anzathu a ku Malawi kaunjika, ndipo a ku Tanzania mitumba. Kumsika wa zakudya mudzapeza mbatata za kacewere, anyezi ndi nthoci za ku mapiri a ku Mbeya, kumene mvula ndi yambiri. Mudzapezanso mpunga wonunkhira umene m'misika ya dziko lonse uchedwa mpunga wa ku Nakonde, ngakhale kuti wina mwa iwo umalimidwa kutsidya kwa malire.

Tsekulani makutu anu. M'mphindi zocepa mudzamva Cinamwanga, Cibemba, Ciswahili, Cizungu ndi Cinyanja cathu comwe. Wogulitsa wa ku Tunduma adzakulandirani ndi mau akuti "Karibu", ndiko kuti lowani, takulandirani. Pofunsa mtengo munene kuti "Bei gani?" ndipo pothokoza munene kuti "Asante". Mwana wodziwa zinenero ziwiri kapena zitatu ali ndi cuma cimene mbala siingam'lande.

Pa cipata

Munthu saoloka malire monga aoloka msewu wa pamudzi. Pa cipata pali anchito a boma a magulu angapo, ndipo gulu lililonse lili ndi funso lace.

A Immigration afunsa kuti: ndinu yani, mupita kuti, mukakhala masiku angati? Iwo ayang'ana pasipoti kapena cikalata cina cololeza kuoloka, nadindapo cidindo. Mwana naye afunika cikalata cace, ndipo aoloke ali ndi makolo ace kapena wamkulu amene makolo am'tuma. A kasitomu, amene ali pansi pa bungwe lotolera misonkho la Zambia Revenue Authority, lokhazikitsidwa m'caka ca 1994, afunsa kuti: mwanyamula ciani, munagula ndalama zingati? Poona malisiti awerengera msonkho woyenera. A zaumoyo ayang'ana ngati apaulendo sakubweretsa matenda opatsirana. A zaulimi ayang'ana mbeu, zipatso, nyama ndi ziweto, kuopa tizilombo toononga mbeu ndi matenda a ng'ombe.

Kale wapaulendo anali kuima kawiri: kutuluka m'Zambia pa ofesi imodzi, kulowa m'Tanzania pa ofesi ina, ndipo katundu anali kuonedwa kawiri. M'mwezi wa October 2019 a Edgar Lungu ndi a John Magufuli, amene anali atsogoleri a maiko awiriwa pa nthawiyo, anatsegula malo atsopano pamene anchito a maiko onse awiri agwirira nchito pamodzi, kuti wapaulendo aime kamodzi kokha. Colinga cace ndi kucepetsa kucedwa, cifukwa tsiku lililonse limene lole igona pamalire, mwini katundu alipira, ndipo ndalama imeneyo pomaliza ionjezedwa pa mtengo umene amai anu alipira m'sitolo.

Nthawi ndi ndalama

Pali zinthu ziwiri zimene zisokoneza mlendo. Coyamba ndi nthawi. Tanzania ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Pamene ili 12 koloko masana pa Nakonde, pa Tunduma ili 1 koloko, ngakhale dzuwa ndi lomwelo ndipo mwangoyenda mapazi owerengeka. Ndiponso m'Ciswahili maola awerengedwa kuyambira m'mawa dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa ndi "saa moja", ola loyamba, 8 koloko ndi "saa mbili", ola laciwiri. Cotero munthu akakuuzani kuti basi inyamuka "saa nne", ola lacinai, atanthauza 10 koloko ya ku Tanzania, imene kwathu ndi 9 koloko. Ambiri asiyidwa ndi basi cifukwa cosadziwa zimenezi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Caciwiri ndi ndalama. Ife tigwiritsa nchito Kwacha ndi ngwee kuyambira m'caka ca 1968, koma anzathu agwiritsa nchito mashilingi. Mtengo wosinthira ndalama umasintha tsiku ndi tsiku. Munthu wanzeru aufunsa ku banki kapena kumalo ovomerezeka osinthirako ndalama, ndipo awerenga ndalama zace asanacoke pa windo. Osintha ndalama m'mbali mwa msewu angakulonjezeni mtengo wabwino, koma pakati pao pali ena oika mapepala acabe pakati pa mtolo.

Tsono tengani makope anu ticite masamu. Manambala awa ndi ongoyerekeza kuti tiphunzirepo. Tinene kuti Kwacha imodzi igula mashilingi 100. Mai wina wa ku Katete apeza zitenje za mashilingi 10,000 cimodzi, ndiye kuti K100. Agula zitenje 30, nalipira K3,000. Atafika kwao aganiza kuti, "Ndinagula pa K100, ndikagulitsa pa K150 ndidzapindula K50 pa citenje ciliconse." Kodi aganiza bwino? Tiyeni tione. Basi kupita ndi kubwera inam'dyera K1,200. Cakudya ndi malo ogona K300. Msonkho K600. Zonse pamodzi ndi K5,100. Gawani K5,100 ndi 30, mupeza kuti citenje ciliconse cam'dyera K170. Akagulitsa pa K150 adzapeza K4,500, ndipo adzataya K600. Akagulitsa pa K200 adzapeza K6,000, ndipo phindu lace ndi K900. Mwaona kodi? Kuchipa kwa katundu pamalire sikutanthauza phindu. Wamalonda wosadziwa masamu agwirira nchito mwini basi.

Njira za m'chire

Mwina wina wa inu wanena kale mumtima kuti, "Nanga mai uja akadapewa msonkho, si akadasunga K600?" Funso ili ndi lofunika, ndipo tiyenera kuliyankha moona mtima, cifukwa pamalire alipo anthu amene acita zomwezo. Amadutsa m'tinjira ta kuseri kwa nyumba ndi m'chire, kawirikawiri usiku. Kumeneku kuchedwa kuzembetsa katundu, ndipo ndi mlandu.

Wozembetsa akagwidwa, katundu wace angalandidwe, angalipitsidwe faindi yoposa msonkho umene anathawa, kapena kupita kundende. M'tinjira timeneto mulinso mbala, ndipo wobedwa kumeneko aopa kukadandaula kupolisi pakuti iye yemwe anali kuphwanya lamulo. Amai ambiri acitidwa cipongwe m'njira zotere. Ena amathawa cipata cifukwa ca mantha cabe, osadziwa kuti msonkho wa katundu wao ndi wocepa, kapena kuti katunduyo alibe msonkho konse. Cotero ndi bwino kufunsa a kasitomu musanagule, kulipira pa ofesi pokha, ndi kulandira lisiti la boma. Wanchito amene apempha ndalama ya m'thumba lace popanda lisiti, naye aba cuma ca dziko.

Ganizaninso za inu eni. Desiki imene mwakhalapo, buku limene muwerenga, malipiro a aphunzitsi anu ndi mankhwala a kucipatala, zonsezi zilipidwa ndi msonkho. Kuyambira m'caka ca 2022 ana aphunzira m'masukulu a boma popanda kulipira fizi, koma maphunziro amenewo ali ndi wowalipira: ndi anthu onse opereka msonkho, kuphatikizapo mai wa zitenje uja. Ndipo katundu wodzera m'chire saonedwa ndi munthu. M'menemo ndi m'mene mulowera mankhwala otha mphamvu, zakudya zoola, ndi ng'ombe zodwala zimene zingapatsire khola lonse la agogo anu.

Anthu amodzi, maiko awiri

Mzere wa malire umene muuona pamapu sunalembedwe ndi eni dziko. Unacokera pa pangano la Britain ndi Germany la m'caka ca 1890, pamene azungu anali kugawana Africa. Mzerewo unadula pakati dziko la Anamwanga. Kufikira lero Anamwanga ali mbali zonse ziwiri: mfumu yao ya ku Nakonde ndi yaikazi, a Nawaitwika, ndipo ali ndi acibale ao ambiri m'Tanzania. Amakwatirana, amapita ku maliro a anzao, nagulana pamsika monga anacitira makolo ao.

Inu a kum'mawa muidziwa bwino nkhani imeneyi. Acewa ali m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique, ndipo caka ciliconse amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kudzalambira Kalonga Gawa Undi. Cipata ca Mwami, kufupi ndi Chipata, cigwira nchito yofanana ndi ya Nakonde, ndipo naco cinakhala malo oimapo kamodzi m'caka ca 2022. Cotero munthu wa kutsidya kwa malire si mdani. Tiyenera kulemekeza malamulo a dziko lace tikapitako, ndi kum'landira bwino akabwera kwathu.

Ubale umenewu taona phindu lace. M'caka ca 2024 cilala cinapsereza cimanga m'madera ambiri a Zambia, ndipo boma linagula cimanga ku Tanzania kuti anthu asafe ndi njala. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Taonanso cimene cicitika khomo likatsekedwa. M'mwezi wa May 2020, matenda a korona atafala pa Nakonde, malire anatsekedwa kwa masiku angapo, ndipo malole a katundu anaima mbali zonse ziwiri.

Malangizo kwa mwana wapaulendo

Ngati tsiku lina makolo anu adzakutengani ku Nakonde kapena ku mzinda wina wa pamalire, kumbukirani izi. Musasiyane ndi wamkulu amene mwapita naye. Musadutse pansi pa lole kapena pakati pa malole oima, pakuti woyendetsa saona mwana ali pansi. Musanyamulire munthu wosam'dziwa cikwama kapena phukusi, ngakhale akulonjezeni ndalama, cifukwa simudziwa cili m'kati. Musatsate munthu amene akulonjezani nchito kapena sukulu kudziko lina. Alipo anthu oipa ogulitsa ana. Imwani madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo sambani m'manja musanadye, pakuti pamene pasonkhana anthu ambiri matenda a kolera afala msanga.

Mudzaonanso ana a msinkhu wanu akusenza katundu wa anthu nthawi ya sukulu. Ndalama imene alandira madzulo ioneka yokoma, koma yatha tsiku lomwelo. Nchito zokhalitsa za pamalire, monga ya kasitomu, ya unesi, ya kuwerengera katundu, ya kuyendetsa sitima, ngakhale ya kukhala ndi sitolo yanuyanu, zifuna munthu wodziwa kuwerenga, kulemba ndi masamu.

Tabwerako tsopano. Madzulo ano mukafika kunyumba, tengani cinthu cimodzi cogulidwa m'sitolo, muwerenge kumene cinapangidwa, ndipo muyese kulondola pamapu njira imene cinayenda kufikira cinalowa m'nyumba mwanu. Tsalani bwino, ana nonse, mpaka nkhani yotsatira.

Mafunso

1. Chulani maiko asanu ndi atatu ozinga Zambia.
2. Cifukwa ninji katundu wa ku Japan sangafike m'Zambia pa sitima yapamadzi?
3. Ndi ciani cinacitika m'caka ca 1965 cimene cinacititsa msewu wa ku Nakonde kukhala wofunika?
4. Njanji ya TAZARA iyambira kuti, ndipo ithera kuti? Ndi yotalika makilomita angati?
5. Ngati ili 8 koloko m'mawa pa Nakonde, ili nthawi yanji pa Tunduma?
6. Perekani zifukwa zitatu zimene kuzembetsa katundu kuli koipa.

Nchito

Jambulani mapu a Zambia m'makope anu. Lembani msewu wa ku Nakonde ndi coko kapena pensulo yofiira, njanji ndi yakuda, ndipo ikani kadontho pa khomo lililonse la pamalire limene lachulidwa m'nkhaniyi.

Bwerezani masamu a zitenje, koma tsopano mai uja agule zitenje 60, msonkho ukhale K1,200, basi ndi cakudya zikhale monga kale. Citenje ciliconse cam'dyera ndalama zingati? Kambiranani cifukwa cace mtengo watsika.

Citani sewero m'kalasi. Lembani mzere pansi ukhale malire. Ena akhale a Immigration, ena a kasitomu, ena a zaumoyo, ena amalonda. Aphunzitsi aone kuti aliyense wolipira msonkho walandira lisiti.